Pa mphambano ya Abancay

Ndinamva pa wailesi, phazi lili pa buleki,
titatsekerezana pa Puente Nuevo m'mawa wa nkhungu:
akuti apolisi a pamsewu awawonjezera,
pomwe pankaima mmodzi paziima atatu.
Wilmer, kondakitala wanga, analavulira pawindo.
"Atatu? Ndiye kuti matumba atatu, bwana."
Ine ndinangoti zii.
Sindinamuuze kuti mmodzi mwa atatuwo
amagona kuseri kwa katani ya m'nyumba mwanga,
ndipo dzulo lake ndinamupukutira nsapato.

Zaka makumi awiri ndi zinayi ndili pa chiwongolero mu Lima muno.
Ndikudziwa loboti yomwe imachedwa kufiira,
ndikudziwa kupinda ndalama yapepala kanayi
kuti ibisale bwino m'kati mwa laisensi.
Makobidi omwe ndinatola podumpha maloboti
ndiwo anagula makope a Nélida,
ndiwo anamulipirira mayeso.
Kodi ndinene kuti sindinkadziwa chomwe ndinkalera?

Ndikudziwanso pomwe anagwera Doña Hermelinda,
uja ankagulitsa mazira a zinziri pakona.
Tsiku limenelo panalibe wapolisi ndi mmodzi yemwe.
Mazira anagubuduzika mpaka mu ngalande,
nsapato imodzi inatsala pakati pa msewu,
ndipo ife tinkaizemba ndi matayala mpaka madzulo.
Sindine ndinamugunda.
Komabe sindinaime.

Lachinayi, mvula yowaza ikunyowetsa galasi,
anthu thithithi, chitseko chili pululu,
Wilmer akulendewera panja ngati malaya pachingwe,
loboti inati chikasu, ine ndinati ndikwanitsa.
Wezulo.
Golovesi yoyera inakwera m'mwamba
n'kundilozera m'mbali mwa msewu.

Anabwera osathamanga, chisoti chitaphimba mphumi,
kayendedwe ka malemu amayi ake ndendende.
"Mwadzuka bwanji, bambo woyendetsa. Ziphaso zanu."
Bambo woyendetsa!
Mwana amene ndinamuphunzitsa kuwoloka msewu
atagwira chala changa ichi.

Dzanja langa, galu wozolowera njira,
linali litapinda kale pepala la masolesi khumi.
Ndinalibweza m'thumba pang'onopang'ono.
Anaona. Sanaphethire.
Analemba dzina langa lonse, Eusebio Chuquipoma,
osafunsa kalembedwe kake,
pomwe apolisi ena onse amalikhota.
Kumbuyo mayi wina anakuwa kuti akuchedwa ku ntchito,
mnyamata wina anaseka,
Wilmer anatukwana chamumtima, milomo yokha ikugwedera.
Kutsidya kwa msewu anzake awiri atsopano
ankawolotsa ana a sukulu,
mmodzi atatambasula manja ngati akutchinga ng'ombe.

Anafika kunyumba, ku San Juan, mdima utagwa kale.
Atavula chisoti, pamphumi panatsala mzere:
pamwamba khungu lake, pamunsi mwaye wa mzinda wonse.
Anaviika mapazi otupa m'beseni la madzi amchere,
akutsokomola utsi wa magalimoto athu.
Ndinamupakulira mpunga ndi mbatatesi.
Pepala la chindapusa ndinaliika pathebulo,
ndinalitsamiritsa ndi botolo la tsabola.
Palibe analitchula.

Atatsala pang'ono kukagona anati,
"Ababa, tayala lanu lakumanzere lakutsogolo latha.
Ilo sindinalembe."
Kenaka anakhala chete kanthawi.
"Mawa ndidzalemba."

Ndinatuluka ndi tochi.
Linalidi litatha, mawaya akuonekera.
Ndinagwada m'fumbi n'kuyamba kumasula manati,
ndikuwerengera mumtima chindapusa, tayala, dizilo,
ndi maulendo angati opita ndi kubwera
ngati ndiziima pa loboti iliyonse.
Masamu ake sankatuluka.
M'nyumba getsi linazima.
Nati wachinayi anali wadzimbiri, anakana,
ndinamuponda ndi phazi lomwe lija la buleki.